Sabata yolondola omaliza maphunziro athu

Ntchito yanga payunivesite ndi kufufuza komwe kuli anthu amene adatenga digiri kwathu, ndi kuona ngati zomwe tidawaphunzitsa zikuwathandiza. Umboniwu umafunika tikamakonzanso maphunziro, komanso likabwera bungwe la NCHE, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 kuti liziunika masukulu a ukachenjede.

Lolemba ndi Lachiwiri ndinatanganidwa ndi mafoni. Manambala ambiri a m'kaundula adasiya kugwira kalekale, moti chomwe chinandipulumutsa ndi magulu a WhatsApp a makalasi akale.

Funso loyamba papepala lathu ndi lakuti, kodi muli pa ntchito? Funsoli limandisowetsa mtendere. Mnyamata wa digiri ya zaulimi amene akutumiza ndalama za Airtel Money m'kakhumbi ayankha kuti inde. Mtsikana wa zachuma amene ali pa pulogalamu ya boma ya internship, yomwe ili ndi tsiku lothera, naye ati inde. Onsewa akalowa m'gulu limodzi ndi injiniya amene akumanga milatho, lipoti limaoneka bwino pamene anthu akuvutika. N'chifukwa chake ndimaonjezera mafunso awiri: kodi ntchito yanuyo munthu wa MSCE angaigwire? Nanga luso lomwe mumagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku mudaliphunzira kuti? Apa ndiye anthu amamasuka. Wina anandiuza kuti Excel adaiphunzira pa YouTube usiku, ndi bandulo yogula yekha.

Lachitatu ndinali ku Kanengo kucheza ndi olemba anthu ntchito. Mayi wina woyang'anira antchito sanadandaule za nzeru za m'mabuku. Nkhawa yawo inali yakuti ana athu amafika asanagwirepo makina, ndipo lipoti la tsamba limodzi limawatengera tsiku lonse. Ndinawafunsa mwaulemu ngati kampani yawo imalandira ophunzira pa attachment. Anati malo ndi ochepa. Izinso ndinazilemba, chifukwa luso la manja silingachokere m'kalasi mokha.

Lachinayi linatha ndikusanja mayankho pakompyuta, kulekanitsa amene ntchito yawachepera ndi amene akugwira yosiyana ndi zomwe adaphunzira.

Lachisanu ndinakumana ndi akuluakulu a madipatimenti. Ena anafuna chiwerengero chimodzi cha opeza ntchito choti chiikidwe pachikwangwani. Ndinapempha kuti ziwerengerozo zituluke zitatu, ndipo tinagwirizana kuti dipatimenti iliyonse iwerenge kaye mayankho a ophunzira ake isanakhudze silabasi.