Tsamba la ku Dzaleka m'kope langa la zoimbaimba

Kwa zaka zingapo tsopano ndakhala ndikusunga kope la chikuto cholimba limene ndimalembamo za phwando lililonse la zoimbaimba limene ndapitako: tsiku, malo, oimba, nyimbo imene anatsegulira, ndalama zolowera pakhomo, ndiponso ngati magetsi anazima nyimbo ili pakati. Anzanga amandiseka ponena kuti foni imajambula zonse, koma mavidiyo awo ambiri anapita pamodzi ndi mafoni amene anabedwa m'chikhamu.

Tsamba limene ndimalikonda kwambiri ndi la ulendo wa ku Tumaini Festival, chikondwerero chimene chinayamba mu 2014 ku msasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka ku Dowa, ndipo anachiyambitsa ndi wolakatula ndakatulo wa ku Congo, Menes La Plume. Kulowa ndi kwaulere, koma musaganize kuti mubwerako ndi chenji, chifukwa kondakitala wa minibasi imene ndinakwera ku Lilongwe anakweza mtengo atangoona kuti ambiri mwa ife tikupita kumeneko.

Masana kunabwera oimba ng'oma a ku Burundi, atasenza ng'oma zikuluzikulu pamutu uku akuziimba ndi timitengo, ndipo ndinaiwala zolemba mpaka pamene anazitula pansi n'kupanga bwalo. Nditatulutsa kope, mvula yoyamba ya mwezi wa Novembala inagwa mwadzidzidzi, inki inayamba kuyenderera, ndipo ndinathawira pansi pa lona la mayi wina amene ankagulitsa chapati. Mayiyo sanandifunse kanthu. Anangolitenga kopelo, nalitsegula pamwamba pa mbaula yake patali ndi moto, n'kumatembenuza masamba limodzilimodzi mofanana ndi mmene ankatembenuzira chapati.

Bambo wina wachikulire amene anakhala pambali pake anaona kuti ndalemba mawu akuti "ng'oma" okhaokha, ndipo anapukusa mutu. M'Chichewa chosakanikirana ndi Chiswahili anandifotokozera kuti ng'oma iliyonse ili ndi dzina ndi ntchito yake, kenako anapempha cholembera changa. Analemba kuti ya pakati, imene ovina amasinthanapo, ndi inkiranya. Zimene zimasunga kagundidwe kosasintha ndi amashako. Zotsatira ya pakatiyo ndi ibishikiso. Anawonjezera monyadira kuti UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika gule wa ng'oma zimenezi pa mndandanda wa chikhalidwe cha dziko lonse lapansi mu 2014, ndipo ndinazindikira kuti chaka chimenechi ndi chomwecho chimene chikondwererochi chinabadwa.

Ndinagula chapati ziwiri ndi nyemba, ndipo mayi aja anakana kulandira chowonjezera chimene ndinafuna kuwasiyira. Ndikakumbukira kuti malo amenewa anali ndende ya akaidi a ndale m'nthawi ya Kamuzu asanasandutsidwe msasa mu 1994, ndimadabwa kuti ndinadyerapo chakudya chokoma chotere.

Amene mukufuna kuyamba kope lotere, gwiritsani ntchito pensulo osati cholembera cha inki, ndipo muliike m'jumbo. Lembaninso mayina a magulu ang'onoang'ono oimba masana, chifukwa ndi amene simudzawapeza pa intaneti. Za oimba a usiku ndinalemba mizere itatu yokha, popeza ndinali kuda nkhawa ndi minibasi yobwerera, imene inanyamuka mochedwa ndipo tinapanikizana anthu asanu pa mpando wa anthu atatu. Tsamba lija lidakali lokwinyika ndipo likununkhirabe utsi wa makala.