Ndili moyo, zikomo nonse, makamaka a teyze

Abale anga, ndafika bwino ku Ankara, likulu la dziko la Turkey. Sindinathe kuyankha aliyense payekha, ndiye landirani zikomo wanga pano.

Mulungu ndi wabwino. Lolemba lija, pa 6 February 2023, chivomerezi chinatipeza tili m'tulo nthawi ya 4:17 m'bandakucha, kumudzi ili 3:17. Ine ndinadzambatuka n'kulunjika ku masitepe, osavala ndi nsapato zomwe. Amene anandigwira dzanja pakhonde ndi mayi amene ndimachita lendi chipinda m'nyumba mwawo ku Gaziantep. Ndimawatchula kuti teyze, ndiye kuti mayi aakulu kapena mayi aang'ono m'chinenero cha kuno, ndipo dzinali analikwaniritsa. Anandikokera pansi pa tebulo lolimba la pabalaza, kundiponyera pilo kumutu, n'kumangobwereza mawu atatu, çök, kapan, tutun: gwada, dziphimbe, gwiritsitsa. Kabati ya mbale inagwa pomwe ndinaima poyamba paja. Nyumba itasiya kugwedezeka m'pamene anatseka gasi, kundiuza kuti ndivale nsapato chifukwa pansi ponse panali magalasi, ndipo tinatsika wapansi, chikepe osachiyandikira n'komwe.

Panja kunkazizira koopsa. Manja anga mpaka anachita dzanzi. A teyze anavula mpango wawo wakumutu n'kundikulunga m'khosi, iwo n'kutsala choncho, munthu wachikulire.

Masana ndinafuna kubwerera m'nyumba kukatenga pasipoti ndi laputopu. Anakana. Ndinalira, ndinawakwiyira, anakanabe, n'kukhala pabenchi pa paki paja atandigwira malaya ngati kamwana. Itangodutsa 1 koloko kunabwera chivomerezi chachiwiri chija cha mphamvu ya 7.5, ndipo nyumba zambiri zimene zinang'aluka ndi choyamba cha 7.8 zinagwa nthawi imeneyo. Mpaka lero ndikaganiza zimenezi miyendo imalobodoka.

Zikomo anzanga a sukulu, Amalawi ndi a maiko ena a mu Africa, amene munandisaka pa WhatsApp mpaka kundipeza, ndi inu amene mwandipatsa pogona kuno. Zikomo a Kızılay, bungwe la kuno longa Red Cross, chifukwa cha supu wotentha ndi mabulangete. Anthu ofukula mabwinja aja, amene ankatiuza tonse kuti tikhale chete n'kumakuwa kuti kodi alipo akumva mawu anga, Ambuye akudalitseni. Amayi a chigwirizano a kumpingo kwathu, ndamva kuti munagona ndi amayi anga masiku awiri amene foni yanga inali yozima. Malume, ndalama ya basi ija inafika. Agogo akuti anangoyamba kukamba za chivomerezi cha ku Salima cha 1989 n'kukana nsima. Auzeni kuti adye, mdzukulu wawo ali bwino.

Ena inu amene mumandipeza msanga mukafuna nsapato ndi madiresi a ku Turkey, milungu iwiri yatha osandifunsa n'komwe kuti wadzuka bwanji. Ndaona. Sindisunga chakukhosi, koma zandipweteka.

Mtima wanga sunakhazikike. Omwalira kuno apitirira 40,000, kuwonjezera apo abale athu a ku Syria, ndipo dzana apeza thupi la Christian Atsu, wosewera mpira wa ku Ghana uja, ku Antakya. Galimoto yaikulu ikadutsa ndimadzidzimuka. Ndikugona ndi nsapato, botolo la madzi, tochi ndi pasipoti pafupi ndi chitseko monga anandiphunzitsira a teyze.

Iwowo anakana kubwera nane. Mng'ono wawo anatsikira kuli chete ku Nurdağı, ndipo pano akugona mu tenti ndi ana amasiyewo. Pondiperekeza ku basi anandipatsa buledi wokulunga m'kansalu, pomwe iwo anali asanalawe kanthu. Sadziwa Chichewa, sadzawerenga izi, koma chonde mukamapemphera usiku uno muwatchule. Mpango wawo uja ndikadali nawo, ndidzakabweza ndekha.