Sipika ya pa Facebook muigule ikulira

Kuno ku Mangochi katundu wa ku Joni tinamuzolowera, pafupifupi khomo lililonse lili ndi m'bale amene anapita, koma masiku ano anthu sakudikiranso kuyala pamsika ayi, akungojambula nkuponya pa sitetasi kapena m'magulu a Facebook ogulitsirana zinthu aja. Ma ampu (makina okuzira mawu aja), ma woofer (masipika a besi), mikisa, mafoni, zonse zilimo ndipo mitengo yake mtima umachita kuti phaa.

Koma musanagule pali zoti muchenjere nazo. Choyamba ndi nkhani ya dipoziti. Munthu akangoti tumizani kaye ya thiransipoti pa Airtel Money kapena Mpamba ndikweze katunduyo pa minibasi ya ku Limbe, ine ndimangosiya pompo, ambiri otere akalandira ndalama nambala siipezekanso. Ngati katundu alidi ku Blantyre tumani achimwene anu akamuone ndi maso.

Pa sipika ndiye musachite manyazi. Kanikizani pepala lakutsogolo lija pang'onopang'ono ndi zala mbali zonse, likamakhwekhwereza ngati mkati muli mchenga dziwani kuti koyilo, waya wokulungidwa wa mkati uja, inapsa kapena anachita kuikulunganso mwachinyengo, nunkhizaninso kumbuyo kwake, fungo la waya wopserera silibisika. Ampu ayiyatse iyimbe ndithu mphindi 30 voliyumu ili m'mwamba, matchanelo onse awiri, osati kanyimbo kamodzi kenako eti mwamva kale bwana. Zambiri zimayamba bwino zikadali zozizira nkumadzazima zokha zikatentha, nde tangoganizani kutentha kwa kuno mu Okutobala, ukwati uli mkati anthu akufupa, zoimbira zii, mkwatibwi akukuyang'anani.

Manambala a mphamvu ngati 5000W PMPO olembedwa mochititsa kaso pa zoimbira aja asakunamizeni, nambala yoona ya mphamvu ndi yolembedwa kuti RMS ndipo imakhala yaying'ono kwambiri. Onaninso ma ohms, nambala yosonyeza mmene sipika imakanira magetsi, sipika zambiri ndi 4 kapena 8, mukalumikiza zotsika kuposa zomwe ampu imalola mudzaiotcha nokha.

Kenako tembenuzani muwerenge kachizindikiro ka magetsi. A ESCOM amatipatsa 230V, pomwe zina zochokera ku America ndi za 120V, za ku Japan 100V, kungolowetsa pa soketi popanda thiransifoma utsi basi. Za ku Joni zilibe vuto limenelo, mumangosintha pulagi ya mano ozungulira ija.

Foni ndiye imbani *#06# muone ngati IMEI, nambala yozindikiritsa foniyo imene ituluke, ikufanana ndi ya pa bokosi, ndipo mwini wake achotse akaunti ya Google kapena iCloud inu mukuona. Akamazengereza kuti pasiwedi ndaiwala, mwina si yake, ndipo apolisi akadzaitsata adzaipeza m'thumba mwanu. Kumanani masana pa Boma kwa okonza mawailesi amene mumawadziwa, muwapatse kangachepe ayeze katunduyo, wogulitsayo alembe dzina ndi nambala ya chiphaso chake pa kapepala musanatulutse ndalama.