Buledi wathu amayambira pa thandala

Bizinesi yathu ndi yaing'ono: ine, mng'ono wanga, amayi awiri otithandiza ndi uvuni umodzi kuseri kwa nyumba ku Area 25 mu Lilongwe. Timaphika buledi, masikono ndi makeke opanda gluteni, chija chimapezeka mu tirigu ndi balere n'kumachititsa ufa wokanda kutamuka ndi kugwira mpweya wa yisiti. Oyamba kutigula anali odwala matenda a coeliac, amene tirigu amawawononga matumbo, ndipo mpaka lero ndi iwowo amene timawaganizira pochita chilichonse.

Anthu amakonda kutifunsa za muyezo, kuti mazira angati, shuga wochuluka bwanji. Zimenezo n'zosavuta. Pamene palibe gluteni, chimene chimagwira buledi ndi sitachi, ndipo sitachi amamvera mmene ufa unakonzedwera kale usanafike m'beseni.

Chinangwa ndicho chimaonetsa bwino zimenezi. Muzu womwewo ungakupatseni maufa osiyana kotheratu. Mukauviika m'madzi masiku angapo mumapeza kondowole, wabwino pa nsima ya kunyanja, koma mu keke fungo lake lowawasa limaposa vanila. Makaka oyanikidwa pang'onopang'ono amada, nthawi zina amachita nkhungu. Ife timafuna ufa woyera wosasasa, choncho timagwira ntchito ndi gulu la amayi a ku Nkhotakota. Chinangwa cha Mbundumali chimakumbidwa m'bandakucha, chimasendedwa, kutsukidwa, kuperedwa chili chachiwisi, kenaka phalalo limafinyidwa m'thumba mpaka madzi atasiya kudontha. Dzuwa lisanafike pamutu chimakhala chamwazidwa kale mopyapyala pa thandala, ndipo chiyenera kuuma tsiku lomwelo. Chikagona chonyowa chimayamba kusasa. Kufinya ndi kuyanikako kumathandizanso kuchotsa poizoni wa cyanide amene chinangwa chimakhala naye. Thumba likafika ndimalowetsa dzanja mpaka m'chigongono, kutapa wapansi n'kununkhiza. Ukamveka kafungo kalikonse kosasa, thumbalo limabwerera.

Mpunga uli ndi vuto lina. Ukagayidwa wouma pa chigayo wamba n'kutuluka wamisere, sikono imalumika ngati muli mchenga. Ukabwerezedwa kangapo kuti usalale, chigayo chimautenthetsa n'kuphwanya sitachi, ndiye ufawo umamwa madzi mopitirira ndipo buledi amatuluka wokongola kunja, m'kati ali womata pa mpeni. Timayamba tauviika mpungawo, n'kuutsanula kuti uume pang'ono kunja, kenaka kugaya ndi kusefa pa sefa wa maso ang'onoang'ono. Njere yofewa imasweka msanga popanda kupsa. Timagwiritsa ntchito mpunga wosweka wa Kilombero, umene ndi wotsikirako mtengo koma fungo lake n'lomwelo. Mapira timawakonola kaye, apo ayi gaga wake amawawitsa mabisiketi.

Pali chinthu chimodzi chimene sitikambirana ndi aliyense: tirigu salowa pakhomo lathu lophikira. Muyezo wa padziko lonse wa zakudya wotchedwa Codex umati chakudya chotchedwa chopanda gluteni chisakhale ndi gluteni wopitirira mamiligalamu 20 pa kilogalamu imodzi, ndipo ufa wotsalira m'mphepete mwa sefa wobwereka ndi wokwanira kudutsa malirewo. Masefa, mabeseni ndi zitini zathu sizibwerekedwa, ngakhale pa zinkhoswe za achibale. Ena anatidandaula, koma munthu wodwala sangaone ndi maso zimene zili mu keke, amangodalira mawu athu.

Nyengo yovuta ndi ya dzinja. Kuyambira Disembala mpaka Malichi dzuwa silidalirika, ufa wabwino wa chinangwa umasowa. Choncho timagula wochuluka mu Seputembala ndi Okutobala, n'kuusunga m'zigubu zotseka bwino pamwamba pa matabwa. Ukatithera mvula isanathe, timasiya kulandira maoda a buledi n'kutsala ndi makeke a mpunga okha. Ndalama zimene tikusunga panopa n'zogulira kachigayo kathukathu ndi choumitsira cha sola choti tikaike kwa amayi a ku Nkhotakota aja.