Funso limene ndawafunsa achimwene lero

Lero, pa 10 Sepitembala, ndinalawirira kukwera minibasi pa Lizulu kupita kwa achimwene anga, omwe ndi apolisi kuno ku Dedza, chifukwa alamu anandiimbira foni dzulo kuti chiikireni maliro a mnzawo wa kuntchito amene anadzipha mwezi watha, achimwenewo sakugona tulo ndipo nsima akungoitsinatsina. M'njira wailesi inatikumbutsa kuti lero ndi tsiku loganizira za kupewa kudzipha padziko lonse, ndiponso kuti bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse.

Ndinawapeza atangoweruka kumene, atachezera usiku wonse pa msewu wa M1. Titakhala pakhonde anayamba okha kufotokoza za mitembo imene amanyamula pakachitika ngozi, za ngongole ya katapila imene imameza malipiro mwezi usanafike pakati, ndiponso za anzawo amene amathawira ku mowa chifukwa anakula akumva kuti mwamuna salira. Anati, "Anthu amabwera kudzatitulira nkhawa zawo ku Victim Support Unit, nanga ife tikatule kwa yani, mphwanga?"

Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti wapolisi amene anamangapo munthu pa mlandu woyesa kudzipha sangaulule msanga kuti nayenso maganizo omwewo akumuvutitsa. Ine ndikuona kuti mantha amenewa akutsekereza pakamwa anthu amene akufunika thandizo.

Ndinalimba mtima n'kufunsa mosapita m'mbali, pakuti akatswiri a za maganizo amanena kuti kufunsa sikumuika munthu maganizowo m'mutu: "Achimwene, kodi inunso mumaganiza zodzipha?" Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anavomera kuti nthawi zina usiku maganizowo amawafikira. Sindinawadzudzule kapena kuwalalikira. Ndinangokhala nawo pompo mpaka anamaliza kulira.

Tagwirizana kuti mawa tipite ku chipatala cha boma kukaonana ndi wachipatala woona za matenda a maganizo, ndipo ngati kungafunike tidzafika ku chipatala cha matenda a maganizo cha St John of God ku Lilongwe. Avomeranso kukapempha akuluakulu awo kuti ayambe apumako ndiponso asamapatsidwe mfuti kwa kanthawi, ndipo alamu atsekera kutali mankhwala a kudimba.

Ndagona konkuno. Madzulo ano achimwene adya mitanda iwiri ya nsima, ndipo tapangana kunyamuka ndi 7 koloko m'mawa.