Tsiku limene kompyuta yanga inagwetsa keke

Munthu wa malipiro ngati anga sagula kompyuta ya magemu tsiku limodzi. Amagula chiwalo chimodzi mwezi uno n'kuchibisa pansi pa bedi, mwezi wamawa chinanso, uku akupemphera kuti kwacha isagwe asanamalize. Langa pemphero silinafike. Ndinayamba kutolera zida chapakati pa 2023, ndipo mu Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti ine ndili ndi motherboard (bolodi limene ziwalo zonse zimalumikizidwapo), purosesa (ubongo wa kompyuta) ndi bokosi lopanda kanthu. Zotsalazo zinakwera mtengo usiku umodzi, ngakhale zimene zinatha chaka pashelefu zikudya fumbi.

Mapulani okha anali abwino, ndipo pamenepa palibe angandisunthe. Purosesa ndinapeza Ryzen 5 3600 yogwirapo kale ntchito, ya mu 2019 koma yamphamvu zake, ndipo motherboard ndinatenga ya B450 chifukwa zonse ziwiri ndi za soketi ya AM4, ndiye kuti zimalowana. RAM, memore imene kompyuta imasungiramo zimene ikuchita panthawiyo, ndinkafuna ya mtundu wa DDR4, timitengo tiwiri ta 8GB, poti tikakhala tiwiri timathamanga kuposa kamodzi ka 16. Mnyamata wina cha ku Bwalo la Njobvu anayesa kundigwiritsa DDR3. Nditamuonetsa kuti kampata ka pansi kali malo osiyana, iye osaphethira n'komwe anati, "Biggie, RAM ndi RAM. Mukangokankha mwamphamvu ilowa." Ndinamusiya akuyitana kasitomala wina.

Nkhondo inali pa graphics card, khadi yotulutsa zithunzi pa sikirini. Ryzen 3600 payokha siitulutsa chithunzi, popanda khadi sikirini imangokhala bii. Msuweni wanga, amene amadziwa chilichonse koma alibe chilichonse, ankati nditenge GTX 1650: imadya mawati 75 okha, ndipo zambiri sizifuna waya wina wa magetsi. Koma memore yake ndi ya 4GB yokha. Ine maso anali pa RX 580 ya 8GB, makhadi aja anachuluka pamsika okumba crypto, ndalama za pa intaneti zija, atatopa nawo. Imadya mawati 185 ndipo imafuna waya wakewake wa mapini 8, koma ukatchula "eyiti gigi" pagulu anthu amakupatsa mpando. Ndinakumana ndi wogulitsa ku Old Town, tinapatsana pakhonde la shopu uku aliyense akuyang'ana kumbuyo, ndalama n'kudutsa pa foni. Khadiyo ndinakwera nayo minibasi ya ku Area 25 nditaikumbatira pachifuwa, kondakitala mpaka anafunsa ngati muli mwana.

Pamenepo thumba linali litaphwa, ndipo panatsala chiwalo chimene palibe amadzitama nacho: power supply, kabokosi kolandira magetsi a kukhoma n'kuwagawira ziwalo zonse. Sionjezera liwiro la gemu, siwala, imangokhala pakona n'kumapuma. Ndinatsikira ku msika wa Tsoka, n'kupeza madala ena atayala zotsala za makompyuta akale a mu ofesi pa saka. Panali chimodzi cholemera bwino, cholembedwa 500W. "Ichi n'cha ku America, bwana," anatero madalawo. "Orijino." Pa zonse zimene ndinauzidwa m'chaka chimenecho, mawu oona okhaokha anali amenewa. Poyesera panalibe, poti pa saka palibe soketi. Anandiwonjezera kawaya kosinthira kuti khadi ipeze mapini ake 8, tinagwirana chanza.

Kumene ndimakhala ndi kanyumba ka kuseri, ndipo mita ya magetsi ndi imodzi ya mpanda wonse: nyumba yaikulu ya amayi eni malo, ine, ndi banja lina la pambali. Mayunitsi timasonkherana. Amayiwo amaphika makeke a maoda, ndipo Loweruka limene ndinamanga kompyutayo mu uvuni munali keke ya chinkhoswe cha mawa lake. Zimenezi ndinazimva pambuyo pake, mofuula.

Kumanga kunayenda bwino kwambiri moti ndinayamba kudziona ngati injiniya. Purosesa inakhala m'malo mwake osapinda phini ngakhale imodzi, thermal paste, phala lothandiza kuchotsa kutentha, kadontho pakati, fani pamwamba, RAM inalira "tha" mbali zonse. Msuweni anagwira tochi ya foni n'kumapereka malangizo amene palibe anawapempha. Ana a mumpanda anadzaza pakhomo, mdzukulu wa amayi eni malo ali patsogolo, atamva kuti kukubwera gemu ya mpira ya FIFA. Ndinalowetsa pulagi kukhoma, ndinawauza anawo kuti aone mbiri ikulembedwa, n'kutsitsa swichi.

Phuu!

Kuwala kwa buluu, kenako utsi tolotolo, fungo la pulasitiki yopsa. Ana anabalalika. Msuweni, amene miniti yapitayo ankati "ndili nawe, aise", ndinangoona silipasi imodzi pamene anaima. Mpanda wonse unati zii. Kwa kanthawi aliyense anaganiza kuti magetsi angozima monga mwa masiku onse, ndipo ine ndinayamba kuona chipulumutso. Koma kuseri kwa mpanda wailesi ya aneba inkangoimba mosangalala. Kenako mwana wina anakuwa, "Moto! Kwa ankolo kukupsa!"

Woyamba kufika anali mayi wa nyumba ya pambali, atanyamula beseni limene linali pafupi. Ine nditaona beseni likubwera ndi bokosi lili chitsegukire patebulo, RX 580 ili poyera, sindinaganize kawiri. Ndinadziponya pamwamba pa kompyuta, manja tambalale. Madzi onse anathera pamsana panga. Anali madzi otsukira nsomba. Mamba m'khosi, matumbo a chambo m'kolala, ine ndili chigonere pa bokosi ndikukuwa kuti "Palibe moto! Palibe moto!" pamene utsi ukutuluka kukhwapa kwanga.

Amayi eni malo anandipeza choncho. Anayang'ana utsi, anayang'ana ine, anayang'ana mphaka amene anali atayamba kale kundinunkhiza mwendo. "Bambo a kuseri," anatero mofatsa, kufatsa kumene kumaopsa kuposa kukalipa, "keke yanga inali itangoyamba kufufuma." Mwana wawo anakakweza main switch, magetsi anabwerera, koma keke ikagwa pakati siidzukanso.

Lolemba ndinanyamula zonse kupita kwa wokonza makompyuta ku Area 2. Sanatsegule n'komwe. Anatembenuza power supply ija, n'kuloza ndi chikhadabo kaswichi kofiira kobisala kumbuyo, pafupi ndi polowera waya. "Achimwene, apa palembedwa chiyani?" Panalembedwa 115. Anakasuntha ndi sikuludiraiva, panatuluka 230. Ku America magetsi a m'nyumba ndi a mavolti 120, kuno kwathu ndi 230, ndipo ma power supply akale sadziwa okha kuti asamuka dziko. Umayenera kuwauza ndi kaswichiko. Atsopano abwino amalandira kuyambira 100 mpaka 240 popanda kufunsa munthu. Yangayo inamwa mavolti owirikiza kawiri, zam'kati n'kuphulika. Mkuluyo anayesa ziwalo zina chimodzichimodzi ine mtima uli m'mwamba, ndipo zonse zinadzuka. Anati ndili ndi mwayi, kenako anafunsa chifukwa chake graphics card ikununkha nsomba.

Anandiletsanso kawaya kosinthira kaja, akuti timeneti timatentha khadi ikayamba kukoka mphamvu. Ndinadikira malipiro n'kugula power supply yatsopano ya 550W, yokhala ndi waya wake wa mapini 8. Mwezi womwewo ndinalipira mazira, batala, shuga ndi ufa wa keke, kuphatikizapo "kusokoneza mtima", kumene amayi anaika mtengo wake okha.

Kompyuta ikuyenda, ndipo ikuyenda mokoma. Koma panachitika msonkhano wa mpanda wonse pansi pa mtengo wa mango, ndipo anagamula kuti pa msonkhemsonkhe wa mayunitsi makinawa aziwerengedwa ngati munthu wamkulu wokhala ndi hotipuleti yake. Mdzukulu uja anapatsidwa ufulu wosewera Loweruka lililonse ngati chipepeso cha mantha, ndipo amandichinya mopanda ulemu, zigoli akuwerengera mokweza kuti agogo ake amve. Lamulo lomaliza ndi limene limandiwawa. Ndisanayatse, ndimayenera kupita kukagogoda kukhitchini.

"Odi, amayi. Mu uvuni muli kanthu?"

"Muli ya ukwati, bambo. Ya masitepe atatu. Bomba lanulo muyatse mawa."