Mamita 300 aja ndawapeza kumene ankathawira

Mtima wakhala pansi tsopano, anzanga. Nkhani ya datum ija, poyambira pamene manambala a malo pa mapu ndi pa GPS amayezeredwa, yalowa m'mutu, ija tinkangoloweza maina ake kuti WGS84, Arc 1950, n'kukalavula pa mayeso.

Zoti GPS imafuna masetilaiti osachepera anayi, ndiponso kuti pamtetete foni imaphonya ndi mamita asanu kapena kuchepera, tonse tikuzidziwa, sindichedwa nazo. Chinkandizunguza mutu ndi china. Utenge manambala a UTM pa foni, aja osonyeza malo amene waima m'mamita, uwaike pa mapu akale a pepala a 1:50,000 a phiri la Mulanje. Iwe waima pakhonde pa nyumba yogona alendo ya Chambe, koma nsonga ya pensulo ikugwera chakum'mwera, pafupifupi mamita 300 kuchokera pamene nyumbayo yajambulidwa. Ena amati foni yanama, ena amati mapu ndi okalamba.

Palibe wanama. Foni ikuwerengera pa WGS84, pomwe mapu aja anajambulidwa pa Arc 1950, yomwe imatengera kaumbidwe ka dziko ka Clarke 1880. Zili ngati anthu awiri akuyeza munda umodzi, wina wayambira pa chulu, wina pa mtengo wa mango. Onse ayeza bwino, koma manambala awo sangafanane.

Ndiye pali pena pamene pananditsegula maso kwenikweni. Kuphonya kwa masetilaiti kumavina. Ukaima pansi pa thanthwe lalitali ngati la Chambe, kapena m'chigwa chothinana, mafunde amayamba agunda mwala asanafike pa foni, ndipo kadontho kabuluu kosonyeza pamene uli kaja kamangoyendayenda iwe uli chiimire. Mafoni amene amamvanso masetilaiti ena, a Galileo, GLONASS ndi BeiDou, amachepetsako kuvinako. Koma kuphonya kwa datum sikuvina ayi. Kumakhala mbali imodzimodzi, mtunda womwewo, lero ndi mawa, kaya kunja kwacha bwino kaya kuli mitambo. Uwonjezere masetilaiti ochuluka bwanji, mamita 300 aja ali pomwepo, chifukwa vutolo silili kumwamba. Lili m'timalemba ting'onoting'ono ta m'munsi mwa mapu, timene palibe amatiwerenga. Ndipo mamita 300 pakati pa miyala ya njira ya ku Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phirili, chiperoni chitatseka moti mnzako wa patsogolo sakuoneka, si masewera.

Njira yanga tsopano ndi imodzi basi: musananyamuke, imani pamalo odziwika bwino pa mapu, kaya ndi mlatho kaya ndi ngodya ya nyumba, dikirani kadontho kakhazikike, muyerekeze manambala. Akasiyana, sinthani datum mu pulogalamu ya mapu ya pa foni muonenso. Ine ndikuti izi zokha zimathetsa pafupifupi chilichonse. Mnzanga wina akuti sizikonza njira ya pa OpenStreetMap, mapu a pa intaneti ojambulidwa ndi anthu odzipereka, ngati amene anaijambula anaikhotetsa, komanso sizibweza batire ikatha ndi kuzizira. Chabwino, n'chifukwa chake kuphiri kuja kuli operekeza odziwa mwala uliwonse. Koma njira yangayi sindiisiya.

Chondiwawa n'chakuti aphunzitsi athu anadutsapo ngati akuthamangitsidwa, tebulo la manambala pa bolodi, kenako "tipitirire, nthawi yatha". Akanangotitulutsa panja ndi mapu amodzi ndi foni imodzi, theka la ola likanakwana. Makina a GPS ali mu kabati, makiyi ali ndi munthu amene sapezeka. Mwina si vuto lawo okha, silabasi ndi yodzaza, komabe.

Za kutalika kwa phiri ndiye zikadandivutabe. Sapitwa ndi mamita 3,002 kuchokera pa nyanja yamchere, izo ndamva. Koma nambala imene foni imaonetsa, ikuyezera pa ellipsoid, kaumbidwe kosalala ka dziko ka m'masamu, kapena yakonzedwa kale ndi geoid, kaumbidwe kotsatira mulingo wa nyanja yamchere? Ndimati ndagwira, ndikatseka kope n'kupeza zandipulumukanso. Mwina amene munachitapo geodesy, maphunziro oyeza kaumbidwe ka dziko, mundithandize, chifukwa sindikudziwa ngati njira yanga ya pamlatho ija ingagwirenso pamenepa.